Za funso langa lija la kuphunzitsa timu ndi kuyimbira mpira

Abale anga, ndinafunsa ngati mphunzitsi wa timu ya sukulu angathe kumayimbiranso mpira wa MASSA (bungwe loyendetsa masewero a m'sukulu) kuno ku Thyolo popanda kusiya timu yake. Ambiri munati ndisankhe chimodzi. Sindinasankhe, koma ndapeza njira: ndimayimbira masewero a zoni ina, osati amene ana anga akusewera kapena omwe angakhudze malo awo pa ndandanda. Cha ku Luchenza ndimapita ndi wezulo, kwathu kuno ndimakhala pa benchi.

Chovuta si kuthamanga ayi, ndi pakamwa. Ukaona mwana waima polakwika pomenya kona, lilime limayabwa kuti umuuze, chonsecho woyimbira saphunzitsa munthu m'bwalo.

Phindu lalikulu ndi malamulo. Kuyambira 2025, goloboyi akagwira mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona, ndipo woyimbira amakweza dzanja n'kuwerenga masekondi 5 omaliza ndi zala. Aphunzitsi anzanga ena amakalipabe akaona kona yotere, ati kuwabera. Goloboyi wanga ndinamuphunzitsa kale, amayang'ana dzanja la woyimbira asanaponye. Amene mukufuna setifiketi, funsani za maphunziro a oyimbira kudzera ku FAM, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'Malawi.