Mitundu iwiri ya mavu yatuluka m'zikwa za mbozi imodzi

Kamapiko

Akuluakulu, ndithandizeni. Mbozi inali ndi tizikwa toyera tambirimbiri pamsana, ndiye ndinaiika m'botolo. Mwatuluka timavu tamitundu iwiri: tambiri n'takuda, ta mamilimita ngati 3, tinyanga take titalitali, tochepa n'tobiriwira monyezimira, tinyanga topindika. Kodi mayi wake ndi mmodzi? Nanga ndingatizindikire bwanji?

Gogo wa Tizilombo

Ayi, amayi ndi awiri. Takudato ndiye eni ake a zikwazo, ndipo n'zachidziwikire kuti ndi mavu a banja la Braconidae, gulu la Microgastrinae, mwina a mtundu wa Cotesia. Mayi amabaya mbozi n'kuikira mazira m'kati, pamodzi ndi vayirasi yofoola chitetezo cha mboziyo kuti magazi ake asakute mazirawo n'kuwapha. Mbozi imadyabe ndi kukula, kumachita ngati ili bwinobwino, mpaka mphutsi zitaboola khungu n'kuluka zikwa kunja.

Tonyezimirato ndi akapsala. Mayi wawo anabaya zikwa zitalukidwa kale, ndipo ana ake anadya ana a Cotesia. Akapsalawa kawirikawiri amakhala a banja la Pteromalidae. Yang'anani zikwa zotsala: mwini wake amadula kachivundikiro kozungulira bwino kumapeto, pamene mlendo amatafuna kabowo kosalongosoka, nthawi zambiri cham'mbali. Mlendoyo amachedwanso kutuluka.

Mtsempha2mcu

Agogo anena zoona, koma musadalire mtundu wa thupi kapena kukula kwake, zimapusitsa. Pezani maikulosikopu yokuza ka 20 mpaka ka 40, muone phiko lakutsogolo. Ichneumonidae, banja lina la mavu ofanana ndi Braconidae, ali ndi mtsempha wopingasa wotchedwa 2m-cu, Braconidae alibe. Kwa Braconidae chigawo chachiwiri ndi chachitatu cha mimba n'zomatana pamsana, sizipindika. Kenako werengani mfundo za kanyanga kuyambira patsinde: Microgastrinae ali nazo 18. A gulu lalikulu la Chalcidoidea, komwe kuli Pteromalidae, nthawi zambiri sapyola 13, kanyanga kamapinda ngati chigongono, ndipo phiko limakhala pafupifupi lopanda mitsempha, kupatula wa m'mphepete mwakutsogolo.

Mukaona kena kopanda mapiko koyenda ngati nyerere, musakataye. Angakhale Gelis wamkazi, wa Ichneumonidae, nayenso amadya za m'zikwa za anzake.

Nachikwa

Kufika pa banja n'kosavuta, pa dzina lenileni ndiye pali ntchito, ndipo ambiri amalephera chifukwa cha kasungidwe. Patulani chikwa chilichonse m'kabotolo kakekake, mutseke ndi thonje. Chivundikiro cholimba chimasunga chinyezi, nkhungu n'kuwononga zonse. Mavu akatuluka, apatseni tsiku limodzi mapiko alimbe, kenako muwaike mu ethanol (spiriti) wa 70%. Ofuna kupimidwa DNA aikeni mu wa 95%, pozizira. Timavu tating'ono tikaumitsidwa pamphepo timafota, nkhope n'kubonyoka.

Sungani chikwa ndi chotsala cha mbozi, mulembe ndi pensulo tsiku, malo ndi chomera chomwe inkadya. Inki yambiri imasungunuka mu ethanol. Dzina la mbozi limathandiza kwambiri, poti ma Cotesia ambiri amasankha mbozi zoti aikiremo. Ndipo onetsetsani kuti muli ndi aakazi, a kachubu koikirira mazira kumchira, chifukwa mabuku ambiri ozindikiritsira amagwiritsa ntchito iwowo.