Ndikufuna kuyenda Colorado Trail yonse ndi galu wanga, amene munayesapo ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano. Funso langa ndi lalitali pang'ono, mundipirire.

Ndimakhala ku Aurora, kufupi ndi Denver ku America, ndipo kuntchito andilola tchuthi cha masabata 6 kuyambira pakati pa Julayi. Ndikufuna kuyenda wapansi Colorado Trail, kuchoka ku Denver mpaka ku Durango, makilomita pafupifupi 780. Kwa amene muli kumudzi, ndi mtunda woposa Blantyre kukafika Mzuzu, koma m'mapiri okhaokha, ndipo malo ambiri njirayo imadutsa pamwamba kuposa Sapitwa. Pamwamba penipeni ndi mamita 4,045. Kugona m'tenti, chakudya kumsana, kumatsikira m'tauni monga Breckenridge, Leadville, Salida ndi Lake City kukagula china.

Vuto si miyendo yanga. Ndi Mwatani, galu wanga wa zaka 4, wolemera makilo 22. Sindikufuna kumusiya.

Mwezi watha tinapita kukayeserera masiku awiri. Anayenda bwino, mchira m'mwamba, ine ndi amene ndinkawefuka. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinaona akunyambita phazi lakumanzere osalekeza. Nditaunika ndi tochi ndinapeza chikopa cha kunsi kwa phazi chasupuka kadera ngati ndalama yachitsulo, pofiira psu. Ameneyu anayenda nacho chilondacho mwina maola atatu osatsimphina, ndipo nditangonyamula chikwama m'mawa anadzuka kale, wakonzeka. Zimenezi ndi zimene zandiopsa. Munthu akatopa amanena. Uyu ndingamudziwe bwanji kuti wafika pamapeto?

Ndinamugulira tinsapato ta agalu, koma akavala amayenda ngati waponda moto, kenako kamodzi kamasowa m'tchire. Kodi amazolowera? Nanga chakudya chake cha masiku 5 anyamule yekha kapena ndisenze ndine? Za nkhosa za ku mapiri a San Juan, chakumapeto kwa njirayo, ndamvanso zoopsa.

Mayankho

Bambo wina wa ku Lilongwe: Achimwene, kuno galu amalondera nyumba, inu mukumugulira nsapato? Dziko latha. Ndiye dzina lomwelo la Mwatani, akufunsa inuyo ameneyo.

Mwini funso: Amalume, sekani ndithu, amayi anganso anaseka mpaka kutsokomola pa foni. Koma nsapatozo zinandidyera ndalama.

Mayi wina wa ku Colorado Springs: Achimwene, choyamba, simungayambire naye pa chiyambi penipeni. Ku Waterton Canyon agalu saloledwa chifukwa cha nkhosa zam'mapiri zimene zimakhala m'chigwamo, ndipo salola ngakhale atakhala pa chingwe. Anthu a agalu amayambira ku Indian Creek n'kukalumikiza njirayo kutsogolo. Chachiwiri, gawo lachiwiri la njirayo limadutsa pamene panapsa ndi moto wa Buffalo Creek mu 1996. Mpaka lero mthunzi ndi wosowa, madzi kulibe, pansi ndi timiyala totentha. Ine ndinadutsapo masana ndi galu wanga, ndinalakwitsa. Anakagona pansi pa kathanthwe n'kukana kudzuka. Dzukani kukadali mdima, mudutsepo dzuwa lisanakwere, ndipo madzi munyamule a anthu awiri.

Mwini funso: Zikomo achemwali. Inuyo munamaliza naye?

Mayi wa ku Colorado Springs: Ayi. Mwamuna wanga anadzamutenga ku Leadville, ine n'kupitiriza ndekha. Ndinalira m'galimoto momutsanzika, koma usiku umenewo ndinagona tulo koyamba.

Wogwira ntchito ku chipatala cha ziweto: Pa funso lanu lenileni. Galu wokonda mbuye wake amabisa ululu, ndiye musadikire kutsimphina. Yang'anani zinthu zing'onozing'ono: akayamba kuyenda kumbuyo kwanu pamene amakonda kutsogola, akamagona pansi nthawi iliyonse mukaima, akasiya chakudya m'mbale, akamachedwa kutuluka m'tenti m'mawa. Madzulo alionse gwirani phazi lililonse, mutsegule pakati pa zala, ndipo mupapase nthiti. Zikayamba kumveka kwambiri ndiye kuti chakudya chikuchepa. Woyenda tsiku lonse amadya kuposa wa pakhomo, nthawi zina kuwirikiza. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma, choncho lilime likatuluka lonse ndipo malovu akulemera, imani pamthunzi pomwepo. Chonde musadzamupatse ibuprofen wanu, amawononga m'mimba ndi impso za galu. Pitani naye kwa dokotala wake musananyamuke akupatseni mankhwala oyenera. Madzi a m'mitsinje ya ng'ombe muzimusefera monga mukusefera anu, giardia, tizilombo totsegula m'mimba, amagwiranso agalu.

Za katundu, ambiri amati asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, koma pa ulendo wa masabata ine ndingamupatse makilo awiri okha. Zotsalazo ndi zanu.

Mnyamata wina wa ku Johannesburg: Ndiye galu akathyoka mwendo pakati pa phiri mutani? Makilo 22 kuphatikiza chikwama, mudzamubereka?

Wogwira ntchito ku chipatala cha ziweto: Funso labwino limenelo, musaliseke. Pali malamba oberekera galu kumsana. Achimwene gulani, muyesere kuyenda naye kilomita imodzi muone.

Bambo wina amene anamaliza njirayo: Za nkhosa ndi zoona. Kupitirira Lake City mumakumana ndi magulu a nkhosa zoweta, ndipo amazilondera ndi agalu akuluakulu oyera a mtundu wa Great Pyrenees. Kwa iwo Mwatani ndi chilombo chofuna kugwira nkhosa. Mumumange chingwe chachifupi, muzungulire patali, musathamange. Koma ine chimene ndingaope kwambiri ndi mphezi. Mu Julayi ndi Ogasiti mitambo imasonkhana masana pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kumtunda kuja kulibe mtengo wobisalapo, matalala amakumenyani poyera. Galu woopa mabingu akhoza kudula chingwe n'kuthawa. Wanuyu amatani kukagunda? Ndiponso nungu. Usiku azigona m'tenti, osati panja.

Tinsapato musamuveke tsiku lonse, timamutupitsa. Muzimuveka pa miyala yakuthwa pokha, ndipo mugule tapadera chifukwa tidzatayika ndithu.

Mwini funso: Kukagunda amalowa pansi pa bedi, ndinali ndisanaliganizire limenelo. Ndayankhula ndi msuweni wanga, wavomera kudzatipeza ku Breckenridge ndi galimoto. Mapazi ndi nthiti zikadzakhala bwino tidzapitirira mpaka Salida, koma ku San Juan sapita. Lamba woberekera ndaitanitsa. Funso lina: alipo amene anagona ndi galu wonyowa m'tenti ya munthu mmodzi? Fungolo munathana nalo bwanji?