Mapiritsi a kolesterol: ndigule, kapena andifoola miyendo pa Mulanje?

Wa ku Chilomoni: Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 47, ndimathamanga m'mawa uliwonse ndipo ndikukonzekera Porters Race ya pa Mulanje mu July. Atandiyeza magazi apeza kuti mafuta oyipa (kolesterol) ndi okwera, ndiye dokotala wandilembera atorvastatin wa 20mg. Ku famase andiuza K24,000 pa mwezi. Mnzanga akuti mankhwalawa amapha minofu, sindidzafika ndi pa Chambe pomwe. Ndigule?

Mjoni wa ku Durban: Gulani achimwene. Ine ndikumwa rosuvastatin chaka chachinayi, mpikisano wothamanga wa kuno wa Comrades ndamaliza kawiri, makilomita pafupifupi 90 amenewo. Mulanje wanuyo kwa ine ndi kadzutsa.

Wa ku Chilomoni: Msewu wa tala ndi miyala ya ku Likhubula n'zosiyana bwana.

Mayi wa ku Area 25: K24,000? Akuberani! Ine ndimagulira bambo a kunyumba pa K9,500.

Mjoni wa ku Durban: Ameneyo ndi simvastatin mayi, si yemweyo.

Mayi wa ku Area 25: Kaya, onse mathero ake ndi statin.

Wa njinga ku Dedza: Ine nkhani ya mankhwalawa imandiwawa mtima. Nditayamba kumwa, akatumba ankakokana usiku, kupalasa chitunda ngati ndakweza matumba atatu a mbatata. Nditadandaula pa famase ina, mnyamata wa pamenepo anandigulitsa botolo la mapiritsi owonjezera m'thupi otchedwa CoQ10 kuti ululu utha sabata imodzi. K38,000 inapita, ndalama ya feteleza imeneyo. Ndamwa botolo lonse, palibe chinasintha. Kubwererako, akuti mugulenso lina. Mpaka lero sindidutsa pakhomo pawo.

Gogo wa dimba: Bwanji osangomwa chammwamba ndi adyo? Siyani chips, mang'ina ndi soseji, idyani bonongwe ndi nyemba. Zaulere, zili kuseri kwa nyumba.

Namwino wopuma: Agogo, zakudyazo ndi zoona ndipo zimathandiza, koma kolesterol wambiri thupi limapanga lokha m'chiwindi. Statin amatseka pomwepo pamene chiwindi chimapangira. N'chifukwa chake munthu woonda, wothamanga tsiku ndi tsiku, amapezeka naye wokwera, makamaka ngati ndi za kumtundu. Za minofu si bodza, komanso si mmene anthu amakokomezera. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa STOMP, anatuluka mu 2013. Anthu anamwa atorvastatin wa 80mg kwa miyezi 6, ena anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Odandaula minofu anachulukirako mwa omwa mankhwala enieni, koma mphamvu za minofu ndi kupirira pa masewera sizinatsike. Inu akupatsani 20mg chabe. Chimene ndimaopa ine ndi ichi: ululu waukulu, kufooka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezo siyani kuthamanga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, impso zimatha kuwonongeka. Sizichitika kawirikawiri. Ndipo amene mukumwa simvastatin musadye manyumwa, komanso muwauze adokotala ngati muli pa ma ARV, chifukwa ena mwa iwo sagwirizana nayo.

Wa njinga ku Dedza: Nanga ineyo ndinali kunama?

Namwino wopuma: Ayi bambo. Koma mukanabwerera kwa dokotala, akanachepetsa mlingo kapena kukusinthirani mtundu wina. Wogulitsa pa kauntala sangakuchitireni zimenezo.

Wa njinga ku Dedza: Kubwerera kwa dokotala ndi ndalamanso mayi.

Mjoni wa ku Durban: Kuno medical aid imalipira zonse, sindidziwa n'komwe mtengo wake 😄

Mayi wa ku Area 25: Tamva achimwene, muli ku Joni. Ife tikukamba za makwacha.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Malume anga ankasewera mpira mpaka zaka 50, mimba analibe. Sitiroko inawagwetsa ali m'munda. Miyendo yolimba sitanthauza kuti mitsempha ya magazi ili bwino. Ine ndikanagula, ndi kuyamba pano kuti thupi ndilione bwino July asanafike, osati kuyamba kutatsala sabata.

Gogo wa dimba: Adyo wa K1,000 amakwana mwezi.

Wa ku Chilomoni: Mayi a ku Area 25, famase yanuyo ili pati? Ndipo funsani ngati ali ndi atorvastatin yemweyo, wa 20mg.

Mayi wa ku Area 25: Ndafunsa pompano. Akuti watha, abwera sabata ya mawa, ndipo mtengo wasintha.