Zija ndinafunsa za chakudya cha mufiriza, nazi mmene zikuyendera

Abale, paja ndinafunsa ngati mysis ndi brine shrimp (tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi todyetsa nsomba) za mufiriza n'zofunika kutsuka ndisanapatse nsomba za muthanki yanga ya madzi amchere, poti phosphate (chinthu cha m'madzi chimene chimakulitsa ndere) inakwera ndipo ndere zinayamba kumera pamiyala mpaka kukuta ma coral (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala). Zikomo nonse munayankha aja.

Pano ndikumatenga ka cube kamodzi ka chakudyacho, kuika mukakapu ndi madzi pang'ono amuthanki momwemo, kakasungunuka ndimasefa pa kaukonde kamaso aang'ono, timadzi tamatuwituwi tija nkutaya, kenako ndimadonthezera Selcon (timadzi towonjezera mavitamini ndi mafuta m'chakudya) nkusiya kaye kuti ilowerere. Madzi otentha ayi, amaphika chakudyacho chimangofewa nkuphwanyika, apampopi nawonso ayi chifukwa cha chlorine. Chotsala sindibwezeranso mufiriza.

Ena munati kutsukako kumangochotsa phosphate yochepa chifukwa yambiri ili m'chakudya momwemo, ndipo ndikuona kuti munanena zoona. Chimene chathandiza kwenikweni ndi kuchepetsa muyezo wa chakudya komanso kuzimitsa return pump (pampu yobwezera madzi muthanki) podyetsa, ndimathira pang'onopang'ono ndi pipette (kapaipi kodonthezera) nsomba zikumalizitsa ndisanawonjezere, ndiye palibe chothawira ku sump (kathanki kapansi kosefera madzi) kukawolera pa filter sock (kathumba kosefera zinyalala). Ma clownfish (mtundu wa nsomba) akumabwera kudzatolera pakamwa pa pipette penipeni, nayo acan (mtundu wa coral) ndikumaiikira ka mysis kamodzi pakati imatseka bwinobwino.

Brine shrimp ndachepetsa, ilibe zakudya zambiri mthupi pokhapokha ikhale yowonjezeredwa spirulina (mtundu wa ndere zodyedwa). Ndere sizinatheretu koma zasiya kufalikira. Funso latsala, ma anthias (mtundu wina wa nsomba) poti amafuna kudya kangapo patsiku, mumasungunula cha tsiku lonse m'mawa nkusunga mufiriji kapena ulendo uliwonse chatsopano?