Korali wanga wayamba kuyera, ndalakwitsa pati?

WakuMpondasi:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi thanki ya galasi ya malita 200 pabalaza, ya madzi amchere, ndinayikhazikitsa mu Juni. Achimwene anga a ku Durban ndiwo anandibweretsera mchere wake, nyali ya LED ndi tizidutswa titatu ta korali (zamoyo za m'nyanja zamchere zomanga zigoba zonga miyala): tiwiri ta Montipora, kamodzi ka Acropora. M'miyezi yozizira zonse zinali bwino, mpaka Montipora anayamba kuyala pamwala ngati mbale. Koma chilowereni Okutobala, Acropora uja watuwa, kubiriwira konse kwatha. Masana madzi akumafika madigiri 30, ndipo magetsi akazima pampu imaima maola anayi kapena asanu. Madzi akaphwera ndimathiramo ena osakaniza ndi mchere. Mayi a kunyumba akuti ndingotaya zonse ndiikemo mbuna.

MaluwaPanyanja:
Pepani achimwene, wakupwetekani ndi kutentha kwa kuno. Akorali a timilomo ting'onoting'ono awa, amene amati SPS, amafuna madigiri 25 kapena 26, osakwerakwera. M'thupi mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zooxanthellae, zimene zimawapatsa chakudya ndi mtundu. Kukatentha kwambiri amazilavula, n'chifukwa chake akuyera. Muyang'anitsitse usiku ndi tochi. Ngati timilomo tikutulukabe, ndiye kuti ali moyo ndipo akhoza kubwerera. Koma ngati mnofu ukusendeka kuyambira pansi, n'kutsala chigoba choyera mbee, dulani kansonga kamoyo mukamate pamwala wina lero lomwe.

Ine ndimaika fani yaing'ono yopepesa pamwamba pa madzi, ndipo kukavuta ndimayandamitsamo mabotolo a madzi oundana, otseka bwino. Nyali muichepetse mphamvu kaye. Pampu yozungulitsa madzi muilumikize ku batire ya sola. Nyali ikazima tsiku lonse si nkhani, koma madzi akaima chilili mpweya umatha.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Pali pena pamene mwaphonya, bambo. Madzi akamauma mchere suuluka nawo, umatsala momwemo. Ndiye mukamathira ena amchere mukungowonjezera ukali. Pobwezeretsa ophwera thirani opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO (ochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi), osati a pamjigo. Yesani ndi refractometer, chida choyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, pakhale pa 1.025 kapena 1.026. Ngati mwapitirira, tsitsani pang'onopang'ono kwa masiku angapo, osati kamodzi n'kamodzi. Alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, munayesapo? Izikhala pakati pa 7 ndi 9 pa muyeso wake wa dKH, ndipo calcium, amene korali amamangira chigoba, cha m'ma 420 ppm (mamiligalamu pa lita). Acropora amadana ndi kusinthasintha kuposa nambala yolakwika pang'ono. Kunena zoona, thanki ya miyezi inayi inali isanakhwime kuti mulowe Acropora.

Che Ngalawa:
Koma inunso! Anthu akunja amalipira ndalama zankhaninkhani kuti aone mbuna za ku Cape Maclear m'nyumba zawo, inu nyanja ili pakhomo mukulimbana ndi miyala ya ku Indian Ocean? Mverani alamu. Komanso achimwene anuwo asamale pa bodala, akorali olimbawa ali pa ndandanda ya CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, sawoloka popanda chilolezo.

WakuMpondasi:
Zikomo nonse. Ndayesa ndi kachida kapulasitiki kamene ndili nako, kakuloza 1.030, manyazi andigwira. Timilomo tikutulukabe kunsonga. Fani ndamangirira kale ndi waya pamphepete pa thanki. Che Ngalawa, za chilolezozo sindinkazidziwa, ndawaimbira foni kuti asabweretsenso ena. Koma makina a RO alipo amene ali nawo kuno ku boma, kapena mpaka ku Blantyre?