Wakuba ali kunja, umboni uli pafoni: tiyambire pati?

Wofunsa: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mlamu wanga wamubera ndalama pa intaneti. Munthu wina adamulembera kuti amapezera anthu ntchito kunja, mpaka adatumiza kalata yokhala ndi chidindo ndi siginecha, yooneka bwinobwino. Adati alipire za viza. Atangolipira, nambala ija idazima, akauntiyo n'kusintha dzina ndi chithunzi. Nambala ya foni ndi ya dziko lina, banki yomwe ndalamazo zidalowa ndi ya dziko linanso. Mlamu wangayo manyazi amugwira, akufuna afufute mauthenga onse aiwale. Ndamuletsa kaye. Kodi apolisi angachitepo chiyani poti wakubayo sali m'dziko lathu? Kapena tilembere tokha Interpol, bungwe la apolisi a mayiko osiyanasiyana?

Mayi wina: Pepani achimwene. Asafufute kalikonse, ngakhale foniyo asaisinthe kapena kuigulitsa. Zithunzi za mauthenga n'zothandiza, koma munthu akhoza kunena kuti mwazipanga nokha. Sungani uthenga weniweniwo m'foni, linki ya akaunti ya wakubayo, nambala ya risiti yotumizira ndalama, tsiku ndi nthawi yake. Ndipo kubanki kapena kukampani yomwe adatumizira ndalamayo apiteko lero lomwe. Ndalama zakuba sizigona malo amodzi.

Bambo wodziwako malamulo: Za Interpol musataye nazo nthawi, salandira madandaulo a munthu payekha. Mumakanena kupolisi kwanu, ndipo iwowo ndiwo amadutsira ku ofesi ya Interpol ya m'dzikomo, yomwe dziko lililonse la m'bungweli lili nayo.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mlanduwu umafa kapena kukhala moyo m'masabata oyamba. Makampani a intaneti sasunga mpaka kalekale zosonyeza kuti akaunti idatsegulidwira kuti, pa foni yanji. N'chifukwa chake pangano la Budapest la mu 2001, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko polimbana ndi umbanda wa pa intaneti, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2004, lidaika njira yakuti dziko lipemphe linzake mwachangu kuti umboni usungidwe usanafufutike, kwa masiku osachepera 60, pamene mapepala akukonzedwa. Dziko lililonse la m'panganoli limayenera kukhala ndi ofesi yoyankha usana ndi usiku. Ku America, komwe kuli makampani ambiri akuluakulu a intaneti, lamulo limawauza kusunga zinthuzo masiku 90 boma lakumeneko likapempha.

Koma kusunga si kupereka ayi. Kuti umboniwo ufike m'manja mwa wofufuza pamafunika pempho lodutsa m'maboma awiri, ndipo pamenepo pamatha miyezi. Si mayiko onsenso amene adalowa m'panganoli. Bungwe la United Nations lidavomereza pangano lake la za umbanda wa pa intaneti mu Disembala 2024, mayiko n'kuyamba kusainira ku Hanoi mu Okutobala 2025.

Mnyamata wina: Akuluakulu, zonsezi n'zapapepala chabe. Alipo amene adagwidwapo?

Bambo wodziwako malamulo: Alipo. Mu 2024 Interpol ndi Afripol (bungwe la apolisi a mayiko a mu Africa) adachita ntchito yotchedwa Serengeti m'mayiko 19 a mu Africa, ndipo anthu oposa 1,000 adamangidwa. Sindikunena kuti ndalama za mlamu wawo zibwerera, zimenezo sizichitika kawirikawiri. Koma magulu amenewa amabera anthu ambiri ndi nambala imodzimodziyo, ndiye dandaulo lililonse limawonjezera kenakake.

Mayi wachikulire: Ndiwonjezereko mwanawe. Poti mwalemba poyera chonchi, kwinako akulemberani ena kuti amadziwa kubweza ndalama zobedwa, mungopereka kangachepe. Amenewo ndi akuba omwewo atavala malaya ena. Osawayankha.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi, mwalosera, awiri andilembera kale. Mawa m'mawa ndimuperekeza kupolisi. Funso lomaliza kwa abambo aja: foniyo akaitenga ngati umboni, kodi tili ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza kuti yatsala m'manja mwawo?

Bambo wodziwako malamulo: Pemphani ndithu, pamodzi ndi nambala ya mlandu. Musanapereke, koperani zonse pena pake.