Kataima kothirira matimati a m'ndowa: ndigule kapena n'kutaya ndalama?

Nachisale wa ku Area 25: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi matimati a Tanya m'ndowa za malita 20 kuseri kwa nyumba. Ndi dzuwa la Okutobalali, ndikamabwera ku ntchito ndimapeza afota onse. Ndaona kataima ka mabatire komangirira pampopi, kotsegula ndi kutseka madzi kokha pa nthawi yake, kali ndi timapaipi todontheza madzi mundowa iliyonse. Kodi n'koyenera ndalama zake?

Bambo a Mapasa: Mayi, musataye ndalama. Mwana sangathirire asanapite ku sukulu? Ife timaboola botolo la pulasitiki, kulizika m'mbali mwa mtengo, n'kuphimbira udzu pamwamba. Basi.

Nachisale wa ku Area 25: Ana anga ali ku boarding, bambo. Mabotolowo ndili nawo, koma ikamakwana 11 koloko amakhala auma gwa.

Mlimi wa pakhonde: Ine ndinagula ndipo sindidandaula. Vuto la ndowa n'loti dothi ndi lochepa, limauma msanga. Mukapeza afota n'kukhuthulira madzi ambiri nthawi imodzi, zipatso zimang'ambika. Kuda kwa kumunsi kwa tomato, komwe ambiri amathamangira kupopera mankhwala, si matenda ogwira ayi: mtengo ukamamwa mwa apo ndi apo, mchere wa calcium sufika bwino ku chipatso. Kataimako kamathandiza kupewa zimenezo chifukwa kamapereka pang'onopang'ono, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Komanso masamba sanyowa, ndiye chiwawu sichifala msanga.

Bambo a Mapasa: Nanga madzi akasiya kutuluka pampopi masiku awiri? Kazitsegula mphepo, inu muli phee ku ofesi mukuti akumwa.

Mlimi wa pakhonde: Apo mwanena zoona achimwene. N'chifukwa chake ine ndimatunga mu dramu la malita 200 lomwe ndinalikweza pa njerwa. Koma chenjerani pogula: mataima ambiri amafuna mphamvu ya madzi a pampopi kuti atseguke, pa dramu sagwira. Funsani wolembedwa zero pressure. Ogulitsa ena sadziwa n'komwe kusiyana kwake, werengani nokha pa katoni.

Nachisale wa ku Area 25: Ndowa zanga zilipo 12. Dramulo lingakhale masiku angati?

Mlimi wa pakhonde: Timapaipi todontheza tambiri timatulutsa malita 2 pa ola mundowa iliyonse. Mphindi 30 m'mawa, 30 madzulo, ndiye malita 24 patsiku, masiku 8 pa dramu lodzadza. Mitengo ikayamba kubereka muzionjezera. Pisani chala mudothi masana, ndi chimene chingakuuzeni.

Aunt a ku Chilomoni: Musaiwale kasefa, mwanawe. Madzi athu a pachitsime anatseka timabowo tonse ndi matope, ndinakhala pansi n'kumatokosa ndi singano. Dramu muzivundikira, apo ayi ndere ndi udzudzu. Ndipo mvula ikayamba muzimitse, chifukwa iko sikaona kumwamba.

Bambo a Mapasa: Dramu, sefa, mabatire, mapaipi... mukaphatikiza zonsezo si mungadye matimati a kumsika chaka chonse?

Aunt a ku Chilomoni: Ndowa zitatu, inde, n'kuwononga. Koma 12, munthu wosakhala pakhomo? Gulani. Kungoti akangaude ofiira aja, obisala kunsi kwa masamba, kataima sikawaona, muzitembenuzabe masamba Loweruka.

Nachisale wa ku Area 25: Zikomo nonse. Dramu lilipo kale. A Mlimi, nditumizireni chithunzi cha katoni yanu ndisagule cholakwika.